Akuti maselo a mu impso za mwana wanga achulukana: kodi ndi khansa?

Funso

Adokotala, ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Nkhotakota. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 8 anagwidwa ndi mphere, anazikanda mpaka zinasanduka zilonda zamafinya. Patatha milungu ngati itatu, zilonda zikupola, anadzuka m'mawa nkhope itafufuma, zikope zili ngati walumidwa ndi njuchi, mkodzo uli woderapo ngati tiyi wopanda mkaka. Tinkayesa likodzo poti sachoka kunyanja. Kuchipatala anamugoneka, BP inali yokwera, ndipo anatiuza kuti timasefa ta mu impso tatupa chifukwa maselo ake achulukana. Ine mawu oti kuchulukana kwa maselo ndimawamva pa khansa, ndiye tulo sindikupeza. Apongozi anga akuti n'zakumtundu kwathu poti amalume anga anamwalira ndi impso. Kodi chimauza maselowo kuti achulukane n'chiyani, ndipo adzasiya? Nanga bwanji sanamupatse prednisolone pomwe mwana wa aneba, amene anatupanso, anapatsidwa?

Yankho

Mayi, pepani ndi matenda a mwana. Mtima ukhale m'malo, zimene mwafotokozazi si khansa. Mphere, zilonda zamafinya, milungu itatu ya zii, kenako nkhope yotupa, mkodzo wa tiyi ndi BP yokwera mwa mwana wa msinkhu umenewu: umu ndi mmene amayendera matenda amene m'mabuku timawatcha post-streptococcal glomerulonephritis, kutanthauza kutupa kwa timasefa ta impso kobwera pambuyo pa mabakiteriya a streptococcus. Simunalakwe kuganizira likodzo. Kusiyana kwake n'kwakuti magazi a likodzo amachokera m'chikhodzodzo, amakhala ofiira ndipo nthawi zambiri amadontha kumapeto kwa kukodza, pomwe ochokera mu timasefa amadetsa mkodzo wonse kuyambira poyamba. Komabe mwana wa kunyanja akhoza kukhala ndi zonse ziwiri, choncho apempheni ayang'anenso mazira a likodzo mumkodzo wake.

Impso iliyonse ili ndi timasefa pafupifupi 1 miliyoni. Kasefa kamodzi, kamene dzina lake ndi glomerulus, ndi kamtolo ka timitsempha ta magazi topiringizana ngati ulusi wa ukonde wokulungidwa m'dzanja. Mwa munthu wamkulu timasefati timasefa madzi okwana malita 180 pa tsiku, zigubu 9 za malita 20, koma pafupifupi onsewo amabwerera m'magazi. Otayika ngati mkodzo ndi lita imodzi ndi theka basi. Timapangidwa mwana ali m'mimba, ntchitoyo imatha cha pa milungu 36 ya pakati, ndipo akabadwa thupi siliwonjezeranso ngakhale kamodzi. Kakafa kafa.

M'kasefamo muli maselo amitundu ingapo. Ena amayala mkati mwa timitsempha. Ena, otchedwa ma podocyte, amakumbatira timitsemphato kunja ndi timiyendo tolowanalowana ngati zala za manja awiri, ndipo ndi amene amatchinga mapuloteni kuti asatayikire mumkodzo. Pakati penipeni pali maselo a mesangium, amene ali ngati phesi logwira timitsempha kuti tisamwazikane, ndipo amatolanso zinyalala zokodwa mu sefa. Mu impso yabwinobwino maselo onsewa amangogwira ntchito yawo ali pamalo. Kugawikana ndi kwa apo ndi apo.

Mwa mwana wanu, mabakiteriya aja sanalowe mu impso ayi. Anatsala pakhungu. Chitetezo cha m'thupi chinapanga mapuloteni otchedwa ma antibody owagwira, ndipo tizidutswa ta mabakiteriya pamodzi ndi ma antibody amenewo tinakakodwa mu sefa. Kupanga ma antibody kumatenga masiku, n'chifukwa chake matendawa amatulukira zilonda zikupola kale, makolo atayamba kuiwala. Zokodwazo zinadzutsa gulu la mapuloteni a m'magazi lotchedwa complement, ndipo maselo oyera, asilikali a m'thupi aja, anakhamukira mu timasefa. Ndiye pa mawu oti "achulukana", gawo lina ndi alendo obwera ndi magazi, gawo lina ndi eni mudzi, makamaka a mesangium ndi oyala m'mitsempha, amene agawikanadi. Timitsempha tinapanikizika, madzi ndi mchere zinasowa potulukira, nkhope n'kufufuma, BP n'kukwera.

Chimene chinauza eni mudziwo kuti agawikane ndi majini. Apa ndiyambe ndadzitchinjiriza, poti kunyanja kuno mawu amenewa ali ndi eni ake: sindikunena majini ogwira anthu aja. Ndikunena malangizo olembedwa mu DNA, ulusi wotalika pafupifupi mamita 2 wopindidwa m'kachipinda ka pakati pa selo, ka nyukiliyasi. Majini opanga mapuloteni alipo pafupifupi 20,000, ndipo selo la m'diso ndi selo la mu impso lili ndi omwewo, palibe lochepekedwa. Zili ngati buku la nyimbo la kutchalitchi. Aliyense wanyamula lomwelo, koma pamaliro simuimba ya paukwati. Amene amasankha ndi wotsogolera nyimbo, wotchula nambala uja. M'selo otsogolerawo ndi mapuloteni otchedwa ma transcription factor, amene amakatera pa DNA poyambira jini n'kulamula kuti liwerengedwe kapena litsekedwe. François Jacob ndi Jacques Monod ndi amene adaonetsa zimenezi mu 1961 ku Paris, ataona kuti mabakiteriya amatsegula majini ogayira shuga wa mumkaka pokhapokha shugayo alipo.

Wotsogolera nyimbo za nkhondo m'maselo athu dzina lake ndi NF-kappaB, amene Ranjan Sen ndi David Baltimore adamupeza mu 1986. Masiku onse amakhala kunja kwa nyukiliyasi atagwidwa mkono ndi mlonda wake, puloteni yotchedwa IkappaB. Asilikali a m'thupi akafika pamalo n'kutulutsa mfuu yawo, timapuloteni tonga TNF ndi interleukin-1, mlondayo amaphwanyidwa, NF-kappaB n'kulowa m'kachipinda muja. Pa mphindi zochepa amakhala atatsegula majini ambirimbiri: oitana asilikali ena, omatitsa asilikaliwo ku makoma a mitsempha, opanganso mfuu yomweyo. Selo la mesangium lomwe dzulo linali phesi chabe, lero likuimba nawo nkhondo.

Uthenga weniweni woti "gawikana" umabwera ndi puloteni ina, PDGF. Imatuluka mu tizigawo ta magazi toumitsa bala, mwa asilikali aja, komanso m'maselo a mesangium eni ake, amene akadzutsidwa amayamba kuipanga n'kumadzimwetsa okha. PDGF ikagogoda pakhungu la selo, uthenga umapatsiranapatsirana mpaka mu nyukiliyasi, ndipo majini oyamba kudzuka ndi c-fos, c-jun, c-myc ndi Egr-1. Zimene majini amenewa amapanga nazonso ndi otsogolera nyimbo, ndiye amakatsegula ena, mwa iwo jini la cyclin D1. Cyclin D1 imagwirana ndi inzake ya CDK4 n'kuchotsa mpiringidzo wotchedwa Rb. Mpiringidzowo ukachoka, majini okopera DNA amayamba ntchito, ndipo selo limodzi limasanduka awiri. Palinso mabuleki, puloteni ya p27, imene imakhala yochuluka m'selo lopuma. Pa nthawi ya kutupa mlingo wake umatsika, ngati wakabaza wasiya mabuleki pamtsetse.

Mayina onsewa musavutike kuwaloweza. Chofunika n'chakuti pa zonse ndatchulazi palibe jini limene lawonongeka. Buku lili bwinobwino, angotchula nambala yolakwika pa nthawi yolakwika. Khansa ndi nkhani ina: m'menemo masamba enieni a bukulo asinthika, jini la mabuleki lang'ambika kapena jini la "gawikana" lalembedwa molakwika moti limangowerengedwa popanda wolamula, ndipo selo lililonse lobadwa kuchokera pamenepo limatengera cholakwikacho. Maselo a mwana wanu akumvera lamulo. Lamulolo likasiya kubwera, nawo amasiya.

Ndipo thupi lidakonzeratu zosiyitsa. Chimene chimandisangalatsa ine pa NF-kappaB n'chakuti mwa masamba amene amatsegula muli tsamba lopanga mlonda wake yemwe uja. Akaimbitsa kanthawi, IkappaB watsopano amapangidwa, amalowa n'kumukokera panja. Mfuu ya asilikali ikazilala, p27 imakweranso. Nanga maselo owonjezera aja? M'zaka za m'ma 1990 ofufuza adatsata nkhaniyi tsiku ndi tsiku mu makoswe a mu labu. Ankawabaya antibody yowononga maselo a mesangium. Otsalawo ankagawikana mothamanga mpaka kupitirira chiwerengero chofunika cha kumapeto kwa sabata yoyamba. Kenako owonjezerawo ankadzipha okha mwadongosolo, imfa imene timaitcha apoptosis, anzawo n'kuwameza, ndipo pa milungu ingapo kasefa kankabwerera mwakale. Atawapatsa mankhwala otchinga PDGF, kugawikanako kunkachepa. Apa m'pamene tidaphunzira kuti kuchulukanaku poyamba ndi njira yokonzera pamene pagumuka. Mwa ana odwala monga wanuyu zimayenda chimodzimodzi, poti mabakiteriya akatha zokodwa zatsopano sizibweranso. Ana ochuluka kwambiri amachira.

Koma ndingakunamizeni nditalekera pomwepa. Makoswe omwe aja, akawabaya mobwereza, sankachiranso. Timasefa tinkauma n'kusanduka zipsera. Mdani weniweni wa impso si kuchuluka kwa maselo koma chipsera, ndipo chimene chimachibweretsa ndi puloteni ya TGF-beta. Imeneyi ndi yachinyengo ndithu. Imaziziritsa asilikali, nthawi zambiri imaletsanso maselo kugawikana, ndiye mungati ndi bwenzi. Koma kudzera mwa wotsogolera wina wotchedwa Smad3 imatsegula majini a collagen, ulusi wolimba uja womwe umapanga chipsera pakhungu. Pa bala la pamwendo collagen ndi dalitso. Mu sefa ndi simenti. Mu 1990 Wayne Border ndi anzake ku America adaonetsa kuti makoswe a matendawa akapatsidwa antibody yotchinga TGF-beta, zomatirira za mu timasefa zimachepa. Walira mvula walira matope: thupi limaitana omanga kuti akonze, omangawo akakhalitsa amatseka ndi makomo omwe.

Kukhalitsako kumasintha ngakhale mmene bukulo limatsegukira. DNA imakulungidwa pa timapuloteni totchedwa ma histone, ndipo selo limaika tizizindikiro pa DNA ndi pa ma histone tosonyeza malo oti akhale omasuka ndi malo oti amangidwe zolimba. Munaona buku la nyimbo la agogo limene mukangoliika pansi limatseguka lokha pa nyimbo imene amaikonda? Selo limene lamva mfuu ya kutupa miyezi ndi miyezi limatero: masamba a chipsera amayamba kutseguka okha ngakhale wotchula nambala atachoka. Palinso tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa microRNA, timene timatchingira uthenga wochoka ku jini usanasanduke puloteni. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun analandira mphoto ya Nobel mu 2024 chifukwa cha kutitulukira. Kamodzi mwa ito, miR-21, kamachuluka mu impso za zipsera. Mankhwala ochokera ku nzeru imeneyi sanafike m'mawodi, ndiye wina akakutsatsani botolo loti "limakonza majini a impso", ndalama zanu zisunge.

Pali njira inanso imene matendawa amalakwikira, yosowa koma yothamanga. Khoma la kamtsempha likabooka, zoumitsa magazi zimatayikira m'kachikho kozungulira kasefa, ndipo maselo oyala kachikhoko amagawikana n'kuunjikana mbali imodzi. Pa maikulosikopu muluwo umaoneka ngati mwezi ukangooneka kumene. Umafinya kasefa mpaka kufa, ndipo timasefa tambiri tikatero impso zimatha pa milungu kapena miyezi yochepa. Chizindikiro chake ndi mwana amene mkodzo sukubwerera, kutupa sikukuphwa, ndipo creatinine, zinyalala za m'magazi zimene timayeza pofuna kudziwa mphamvu ya impso, ikungokwera. Wotereyu ndi wotumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe mosazengereza, kumene kulinso makina osefa magazi ngati angafunike kwa kanthawi.

Za apongozi anu. Matenda a mwana wanuyu adabwera ndi mabakiteriya a pazilonda, osati magazi a kwanu. Akulu ambiri amene timawataya ndi impso chimawapha ndi BP ndi shuga zosasamalidwa zaka zambiri, ndiye ndikadakhala inu ndikadayamba ndafunsa ngati amalumewo ankadwala zimenezi. Matenda a impso akumtundu alipo, monga aja impso zimadzaza timatumba tamadzi, amene mwana wa wodwala amakhala ndi mwayi theka wowatengera. Koma amenewo sayamba ndi mphere.

Komabe apongoziwo sanaphonyeretu, ndipo nkhani yake ikukukhudzani inu a ku Nkhotakota mwapadera. Pali jini lotchedwa APOL1 limene limapanga puloteni ya m'magazi yopha tizilombo ta m'gulu la kaodzera. Kachilombo ka Trypanosoma brucei rhodesiense, komwe kashembe wa m'nkhalango ya Nkhotakota amafalitsa, kadaphunzira kuizemba puloteniyo. Mu 2010 gulu la Martin Pollak ku Boston lidalengeza kuti anthu ena ochokera mu Africa ali ndi mitundu iwiri yosinthika ya jinili, G1 ndi G2, imene mu labu imapha ngakhale kachilombo kozembako, koma kuti munthu amene watengera mtundu woterewu kwa bambo ndi kwa mayi omwe amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a impso. Mitundu iwiriyi imapezeka kwambiri kumadzulo kwa Africa. Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa anthu otengera kuwiriku sadwala impso moyo wawo wonse. Jini lilipo, koma limangong'ung'udza chapansipansi. Limakweza mawu thupi likatulutsa interferon, mfuu ya nkhondo yolimbana ndi mavairasi, ndipo pamenepo puloteni yochulukayo imavulaza ma podocyte. N'chifukwa chake HIV yosamwera mankhwala imawononga kwambiri impso za anthu amenewa. Ma podocyte ndi maselo amene adatsekeredwa mabuleki mpaka kalekale, p27 ndi inzake p57 zili pamwamba, chifukwa selo la timiyendo tolowana chotero silingagawikane popanda kumasula sefa. Mu impso yogwidwa ndi HIV mabulekiwo amatayika, maselo a pamwamba pa kasefa amachulukana mosokonekera, kasefa n'kufwamphuka. Chifalikireni ma ARV matenda amenewa adachepa kwambiri. Ndiye ngakhale pamene chibadwa chilipo, kawirikawiri chimadikira wochitchulira nambala.

Prednisolone nayo imagwira ntchito pa majini. Imalowa m'selo, imagwirana ndi puloteni yoilandira, ziwirizo zimalowa mu nyukiliyasi n'kukagwira pakamwa NF-kappaB ndi anzake a c-fos ndi c-jun. Vuto lake siisankha impso zokha. Imatseka masamba omwewo thupi lonse, chitetezo chimafooka, mchere umasungika, BP imakwera, shuga amakwera. Mwana wanu anali kale ndi BP yokwera ndi zilonda za mabakiteriya, ndipo matenda ake ndi ozima okha. Palibe umboni woti prednisolone imafulumizitsa kuchira kwa mtundu wamba wa matendawa. Timaisungira mtundu wothamanga wa mwezi uja. Amene sanamupatse anachita bwino. Mwana wa aneba n'kutheka kuti ali ndi nephrotic syndrome, imene mkodzo umachita thovu ngati sopo koma wopanda magazi. M'menemo maselo sachulukana. Timiyendo ta ma podocyte timangophwatalala, mapuloteni n'kumatayika, ndipo ana ambiri otere prednisolone imawathandizadi. Nkhope zotupa n'zofanana, matenda ndi awiri. Mapiritsi a aneba musabwereke.

Zimene muyembekezere ndi izi. Kutupa kumaphwa pa sabata imodzi kapena ziwiri, mothandizidwa ndi mapiritsi okodzetsa a furosemide ndi kuchepetsa mchere. Masiku amenewa usipa wouma wothira mchere, tchipisi ndi zokometsera ndiwo za m'mapaketi zidikire kaye. BP imatsatira pa milungu yochepa. Mtundu wa tiyi umachoka msanga, koma timagazi tosaoneka ndi maso tikhoza kumapezeka poyeza mpaka chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo pa tokha si toopsa. Ngati anamuyeza puloteni ya complement yotchedwa C3 n'kuipeza yotsika, imayenera kubwerera pa milungu 6 mpaka 8. Ikakhala pansi kupitirira miyezi itatu timayamba kukayikira matenda ena. Chimene ine ndimayang'anitsitsa ndi mapuloteni a mumkodzo, amene amayezedwa ndi kapepala koviika kaja. Akamapitirira miyezi ingapo, ndiye kuti nyimbo ya chipsera sinathe, ndipo pamenepo timaganizira mankhwala onga enalapril. Awa amachepetsa puloteni yaing'ono ya m'magazi yotchedwa angiotensin II, imene kuwonjezera pa kukweza BP imatsegulanso tsamba la TGF-beta.

Ngakhale achire bwinobwino, muzimuyezetsa BP ndi mkodzo kamodzi pa chaka, ndipo matendawa alembedwe m'buku lake la kuchipatala. Pakati pa Aaborijini a ku Australia, kumene mphere ndi matendawa n'zofala ngati kuno, anapeza kuti amene adadwala ali ana amadzavutika ndi impso atakula kuposa anzawo. Paja timasefa totayika sitibwerera, ndipo totsalato timasenza katundu wa tinzake. Akamva mutu kapena kutentha thupi mupatseni panado, osati Brufen kapena diclofenac, zimene zimachepetsa magazi olowa mu timasefa. Zitsamba zoti "zitsuke impso" ayi. Akadandaula mutu waukulu, kusanza, kuona mwachimbuuzi, akakomoka, akamapuma movutikira kapena mkodzo ukachepa kwambiri, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku, chifukwa BP ya matendawa imatha kukwera mwadzidzidzi.

Mphere zija zithetsedwe nyumba yonse tsiku limodzi, woyabwidwa ndi wosayabwidwa yemwe, ndi mankhwala opaka a benzyl benzoate monga angakulangizeni kuchipatala, zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa. Abale ake amene ali ndi zilonda zamafinya akalandire penicillin kapena amoxicillin, poti mtundu wa streptococcus umene unavulaza mmodzi umayenda m'nyumba ndi m'kalasi momwe. Ndipo poti ndinu aphunzitsi, mwana wa m'kalasi mwanu akabwera m'mawa zikope zitafufuma, yang'anani miyendo yake ngati ili ndi zipsera za mphere, mumutengere pambali n'kumufunsa mtundu wa mkodzo wake.